Goro Goro M'chipinda cha Mayi Haruko

Ku Perth ndinapita ndi sutikesi imodzi ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi, a Nachisale. Kwathu ndinali namwino, koma mapepala anga kumeneko sanawalandire msanga, ndiye ndinayamba ndi ntchito yosamalira okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza, kusintha zofunda. A Nachisale ndi amene anandichingamira pabwalo la ndege. Anandipatsa chipinda m'nyumba imene ankachita lendi ku Balga, ndipo anakandilankhulira kwa abwana awo kuti andilembe ntchito. Anali aakulu kwa ine, ochokera ku Dedza, osakonda zolankhulalankhula. Ine ndinkawati achemwali, iwo ankanditi iwe, ngati mng'ono wawo weniweni. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti: "Kuno viza yako ili m'manja mwa amene wakulemba ntchito. Ukaona chinthu, uziyamba wameza malovu usanatsegule pakamwa."

Nyumba ya okalambayo inali cha kumpoto, kupitirira Joondalup. Tinkakwera basi, kenako sitima, kenako kuyenda pansi pang'ono. Chaka choyamba chinatha bwinobwino, msana wokha ndi umene unkadandaula. Kenako mliri wa korona unafika. Malire a dziko anatsekedwa, malire a chigawo chathu anatsekedwanso, ndipo pachitseko cha kuntchito anapachika chikwangwani choletsa alendo. M'mawa uliwonse ankatiyeza kutentha kwa thupi tisanalowe. Munthu akatsokomola m'chipinda chopumira, tonse tinkasiya kutafuna n'kumuyang'ana. Ukamva kuti wakuti anapita kutchalitchi Lamlungu, unkayamba kuwerenga m'mutu kuti wakhala naye pafupi kangati. Nkhope zinabisika m'mamasiki, kunatsala maso okha, ndipo maso a munthu wotopa ndi maso a munthu wobisa kanthu amafanana kwambiri.

Antchito anachepa. Amene ankagwira m'nyumba ziwiri anauzidwa kuti asankhe imodzi, ena ankakhala kunyumba kudikira zotsatira za kuyezedwa. Ntchito ya anthu anayi inagwera anthu awiri. Ngakhale hoisiti, makina a matayala aja onyamulira munthu kuchoka pabedi kupita pampando, amene lamulo limati aziyendetsedwa ndi anthu awiri, masiku ena ndinkayendetsa ndekha. Si ine ndekha amene ndinkachita zimenezo, koma palibe ankazitchula.

M'chipinda cha kumapeto kwa kolido munkakhala Mayi Haruko. Anabadwira ku Japan, anakwatiwa ndi mzungu wa konkuno ali mtsikana, ndipo moyo wawo wonse analankhula Chingerezi. Koma matenda oiwalaiwala anawalanda Chingerezicho pang'onopang'ono, mpaka anatsala ndi chinenero cha amayi awo, chimene pakati pathu panalibe wochimva. Mwana wawo mmodzi yekha, Julie, ankakhala kum'mawa kwa dzikolo, kuseri kwa malire otsekedwa. Ankaimba pa tabuleti Lachitatu ndi Loweruka, ife n'kuwagwirizira gogoyo kuti amuone. Nayenso Chijapani sankachidziwa, kupatula moni ndi mayina a zakudya.

Anali munthu wochepa thupi, waukhondo, wokonda kupinda ndi kupindanso kansalu kopukutira pakamwa. Ndikamawapesa tsitsi ankatseka maso. Koma nyengo yozizira itayamba, anayamba chinthu chachilendo. Ndikangolowa m'mawa, ankagwira bulangete ndi manja onse awiri, n'kunena motsitsa: "Goro goro. Goro goro." Nthawi zina ankanena akuyang'ana kuchitseko, nthawi zina atagwira pamimba. M'buku la malipoti anzanga ankangolemba kuti akubwebweta. Ine sizinandikhutiritse. Ndagwira ntchito ndi odwala zaka zambiri. Munthu wobwebweta sayang'ana m'maso mwako kudikira yankho.

Tsiku lina musitima ndinalemba mawuwo pafoni. Ndinapeza masamba ophunzitsa Chijapani kwa anthu olankhula Chingerezi, ndiye ine ndinkachita kudutsa m'Chingerezimo kuti ndikafike ku Chichewa changa. Ankafotokoza kuti Ajapani ali ndi mawu ambirimbiri otsanzira kamvekedwe ka zinthu, monga ife timanenera kuti chagwa kuti phi, kapena madzi akuti tho tho tho. Galu akamadzuma asanalume, iwo amati akuti uu. Mkonono amati guu guu. Ndipo goro goro, anatero, ndi kugunda kwa bingu, kapena kulira kwa m'mimba. Panali zinanso m'munsi, koma sitima inafika pasiteshoni yanga ndipo sindinawerenge. Ndinali nditapeza kale chimene ndinkafuna. Mabingu kunalibe. Choncho ndi m'mimba. Gogoyu ali ndi njala.

Sikelo inagwirizana nane: mwezi uliwonse thupi lawo linkatsika. M'mawa ine ndikamawadyetsa, ankalawa masupuni awiri n'kutembenuza nkhope. Ndiye ndinadzifunsa kuti, nanga masana amadya bwanji? Amene ankawadyetsa masana anali a Nachisale.

Ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Ndinaona kuti akalowa ndi thireyi m'chipinda cha Mayi Haruko, ankatseka chitseko, pamene m'zipinda zina ankasiya chotsekula. Ndinaona kuti thireyiyo ankaibweza okha kukhitchini, itavundikiridwa, osadikira ngolo yotolera mbale. Ndinaonanso kuti ankalowa m'chipindamo ndi kachikwama kawo ka nsalu atakabisa m'kati mwa juzi, pamene zikwama zathu zonse zinkayenera kutsala m'maloka. Tsiku lina akutuluka ndinamva kuti m'kachikwamamo mukugogoda kontena ya pulasitiki.

Ndikanatha kuwafunsa. Tinkagona nyumba imodzi, tinkapemphera limodzi, ketulo yathu inali imodzi. Koma ndinkaopa yankho lake. Ndinkadziuza kuti munthu amene watha zaka zambiri kunja, akusunga ana ndi abale kumudzi, mtima wake umatha kuuma osadziwa. Ndinayamba kukumbukira tinthu tating'onoting'ono: mmene ankatolera timapaketi ta shuga totsala, mmene sankatayira ngakhale chigubu cha yogati. Zinthu zimene kale ndinkaziona ngati kusamala, tsopano zinasanduka umboni.

Iwonso anazindikira. Tsiku lina tikudikira basi anandifunsa osandiyang'ana:

"Iwe, masiku ano ukumapezekapezeka pakhomo la chipinda chakumapeto chija. Wataya chiyani pamenepo?"

"Palibe, achemwali. Ndimangodutsa."

"Kumapeto kwa kolido munthu amadutsa kupita kuti?"

Basi inafika, tinakhala m'mipando yosiyana monga lamulo la nthawi imeneyo linkanenera, ndipo lamulolo linatithandiza tonse.

Kenako panapezeka mkwingwirima. Namwino wamkulu anauona pamkono wa Mayi Haruko, pamwamba pa chigongono, wakuda bii pakhungu loyera lija. Loweruka Julie anauona yekha pa tabuleti pamene malaya a amayi ake anakwinyika. Analira, anakalipa, anafunsa kuti ndani akuzunza amayi ake pamene iye sangathe kubwera. Anandiyang'ana ine, chifukwa ndi ine ndinagwira tabuletiyo. Lolemba abwana athu, mayi wina dzina lake Debbie, anayamba kutiitana mmodzimmodzi muofesi.

Apa ndiyenera kunena zoona. Masiku awiri mkwingwirima usanaoneke, ndinawanyamula Mayi Haruko ndi hoisiti ndili ndekha. Mnzanga wa shifiti anali atatanganidwa ndi wina amene anagwa kubafa. Pamene makina ankakweza, mkono wawo unapanikizika ndi lamba, ndipo anafuula. Ndinatsitsa msanga, ndinawasisita, ndinapepesa m'zinenero zonse zimene ndimadziwa. Sindinaone chilonda, ndipo sindinalembe m'buku. Zimenezi ndinkazidziwa pamene ndinkakhala pampando wa muofesi ya Debbie. Koma mtima unazikankhira kutali. Ndinadziuza kuti mwina si pamenepo, mwina ndi mkono winawo. Ndinaganiza za viza, za ana anga awiri amene ndinawasiya ndi mchemwali wanga ku Area 25, za ndege zimene sizinkauluka.

"Waonapo chilichonse chachilendo m'chipinda chimenechi?" anafunsa Debbie.

Ndinati gogoyo amanena mawu akuti goro goro, ndipo ndafufuza, amatanthauza m'mimba molira ndi njala.

"Njala? Koma malipoti amasana akusonyeza kuti amadya."

"Ine ndimawadyetsa m'mawa," ndinatero. "Zamasana sindidziwa. Chitseko chimakhala chotseka."

Sindinatchule dzina. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza ndi zimenezo, kuti dzina sindinatchule.

Tsiku lotsatira masana Debbie anatsekula chitsekocho osagogoda. Anapeza a Nachisale atakhala pambali pa bedi, kontena ili pamiyendo, akudyetsa Mayi Haruko phala la mpunga. Thireyi ya kukhitchini inali pambali, yosakhudzidwa. Chakudya sichinkatuluka m'chipindamo monga ine ndinkaganizira. Chinkalowa. A Nachisale anali ataona kuti gogoyo akukana mbatata yopondaponda ndi nyama yogaya, ndiye anayesa mpunga wophika ndi madzi ambiri mpaka kufewa, wothira kamchere pang'ono. Gogoyo ankamaliza kontena yonse. Mpungawo ankauphika m'khitchini mwathu momwemo m'mawa uliwonse, ine ndikuona, n'kumaganiza kuti ndi kamba wawo wa kuntchito.

Koma kulowetsa chakudya cha kunyumba kunali koletsedwa, makamaka m'nthawi ya mliri, ndipo kulemba m'buku kuti munthu wadya za kukhitchini pamene wadya zina unali mlandu winanso. Pamwamba pa izo panali mkwingwirima umene mwini wake sankadziwika. A Nachisale anaimitsidwa ntchito kuti afufuzidwe.

Nditafika kunyumba madzulo ndinawapeza akusita mayunifomu awo, ngakhale analibe kokawavala.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

"Ndaswera. Kaya inu."

Inu. Chibwerereni ku Perth anali asananditchulepo choncho.

Sabata imeneyo Mayi Haruko sanadye pafupifupi chilichonse. Ndipo goro goro uja sanasiye. Julie anaumirira kuti papezeke womasulira, ndipo Debbie anapeza mayi wina wachijapani wachikulire, wokhala mumzinda momwemo, amene anavomera kulankhula pa tabuleti. Linali Lachinayi, cha m'ma teni. M'chipindamo munali Debbie, namwino wamkulu ndi ine, Julie ali pafoni ya Debbie. Womasulirayo atangopereka moni m'Chijapani, nkhope ya gogoyo inatseguka ngati zenera. Anaweramitsa mutu, anayankha mawu ataliatali, anaseka pang'ono. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula chiganizo chathunthu.

Debbie anafunsa za goro goro, nati tauzidwa kuti ndi njala.

Womasulirayo anapukusa mutu. Anati m'mimba mwa njala nthawi zambiri amati mukulira guu guu, mawu omwewo a mkonono. Goro goro wa m'mimba ndi wa munthu amene m'mimba mwamuvuta. Koma mawuwo, anatero, ndi otakata. Bingu likamagunda patali, ndi goro goro. Mphaka akamalira kukhosi pomusisita, ndi goro goro. Kachitsotso kakalowa m'diso, diso limachita goro goro. Munthu wongogonagona pakhomo osagwira ntchito, akuchita goro goro. Ndiponso chinthu cholemera chikamagubuduzika, monga mwala kapena matayala a ngolo. "Simungadziwe ndi mawu okhawo," anatero. "Muyenera kumufunsa mwini wake."

Anawafunsa. Mayi Haruko anagwira bulangete, anayang'ana kuchitseko, nalankhula motsitsa ngati akuopa kuti wina amva. Womasulirayo anamvetsera, anafunsanso kachiwiri, kenako anatiuza:

"Akuti goro goro amabwera m'mawa. Amamumva akuchokera kutali m'kolido. Akafika amawakweza m'mwamba, miyendo ili lendelende, ndipo palibe wowagwira. Akuti kale ankabwera anthu awiri, wina ankawagwira dzanja. Masiku ano amabwera mmodzi. Akuti tsiku lina anawaluma pamkono."

Hoisiti ija inali panja pa chitseko pomwepo, pamene ndinaiimika ndekha m'mawa umenewo. Matayala ake akamayenda pamatailosi a m'kolido ankalira ndithu, ndipo ine ndinali nditazolowera moti sindinkawamvanso. Pamimba pamene gogoyo ankagwira ndi pamene lamba amadutsa.

Debbie sanandiyang'ane. Anayang'ana pepala la mashifiti limene linali m'manja mwake. Ndinadziwa kuti akangowerenga mayina a m'mawa afika pa ine, koma akanafikanso pa anzanga ena atatu, ndipo kukayikirana kukanayambiranso. Ndinamva mawu anga akutuluka m'masiki ngati a munthu wina:

"Ndi ine. Ndinawanyamula ndekha Lachitatu la sabata yatha. Mkono unapanikizika ndi lamba. Sindinalembe."

Pafoni paja Julie anafunsa kuti walankhulayo ndani. Debbie anamuuza. Kenako Julie anati, "Ndiwe amene umawapesa tsitsi?" Ndinati inde.

Sanandichotse ntchito. Ndinalandira kalata yochenjeza, ndinabwerezanso maphunziro a kanyamulidwe ka odwala, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkagwira ntchito pansi pa diso la namwino wamkulu. Debbie anayenera kufotokoza kwa akuluakulu ake chifukwa chimene munthu mmodzi ankatsalira yekha ndi hoisiti, ndipo mashifiti a m'mawa anawasintha. Kukhitchini anayamba kuphika phala la mpunga, mwa pempho la Julie. A Nachisale anabwerera pakatha masabata awiri, nawonso ndi kalata yawo yochenjeza.

Ndinawapepesa m'khitchini mwathu, nditagwada monga timachitira kwathu. Anandisiya ndilankhule mpaka kumaliza.

"Dzukani," anatero. "Za mkono wa gogo uja sindikukuimbani mlandu. Ndani wa ife sanayendetsepo chimakina chija yekha? Koma inu munandiona ndikuphika mpunga m'mawa uliwonse. Munkagona chipinda chinacho. Chinakuletsani n'chiyani kundifunsa?"

"Ndinkaopa, achemwali."

"Munkaopa kuti ndine wakuba. Mpaka kuba chakudya cha nkhalamba yosatha kulankhula." Anatsuka kapu imene inali yotsuka kale. "Ine ndinkadziwa za hoisiti yanu. Ndinamva kufuula kuja ndili chipinda choyandikana. Debbie anandifunsa kawiri konse. Ndinati sindikudziwa."

Sanandithamangitse. Tinakhalabe nyumba imodzi miyezi ina isanu, tikupatsana moni, tikugawana mabilu ndi ntchito zapakhomo. Koma chitseko cha chipinda chawo, chimene kale chinkakhala chotsekula, anayamba kuchikhoma akamachoka. Kenako ndinapeza kachipinda kanga pafupi ndi Joondalup, ndinati n'chifukwa cha mtunda, iwo anati n'zomveka. Mayi Haruko anamwalira malire atatsala pang'ono kutsegulidwa. Julie anawaona komaliza pa tabuleti, ataigwirizira a Nachisale.

Ndege zitayambanso kuuluka ndinapempha tchuthi. Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, a Nachisale anandipeza pamaloka, nandipatsa phukusi lokulungidwa ndi tepi mbali zonse, moti panalibe pamene chala chingalowe.

"Mukapereke kwa mwana wanga Tadala ku Dedza. Pamanja pake, osatumiza pa minibasi."

Ulendo wonse ndinkaliganizira phukusilo. Kodi andipatsa chifukwa akundikhulupirira, kapena akufuna kuona ngati likafike lili lomata?

Kwathu ndinapeza zinthu zitasintha. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya akundigwira chitenje, anandipatsa moni wa m'manja ngati mlendo wa kutchalitchi, ndipo akafuna chilolezo cha chilichonse ankafunsa mchemwali wanga. Achibale ena ankakhala patali masiku oyamba, poti ndachokera kunja kumene kuli matenda. Ena ankayang'ana masutikesi kuposa nkhope yanga, ndipo ndikati ntchito yanga ndi yosambitsa nkhalamba, ankaseka ngati ndikuwabisira ntchito yeniyeni. Sindinakwiye nawo. Ndinkadziwa mmene munthu amamangira nkhani yathunthu kuchokera pa kachikwama kotseka.

Sabata yachiwiri ndinakwera basi ya ku Dedza. Tadala ndi mphunzitsi wa kupulaimale, wamtali, wa maso ngati a amayi ake. Ndinamupeza akuchokera kusukulu, choko chili m'manja. Analandira phukusilo ndi manja awiri, analitembenuza, anayang'ana tepi ija mbali zonse, n'kuliika pa kabati osalitsekula. Ndinamuuza kuti amayi ake ali bwino, akugwira ntchito, ndi munthu amene anandithandiza kwambiri.

"Ndikudziwa," anatero. "Amayi anandiuza zonse. Za mpunga, za masabata awiri aja, zonse."

Ndinayang'ana pansi. Ndinayamba kufunafuna chikwama changa kuti nditsanzike, ndinati ndikufuna ndipeze basi dzuwa lisanapendeke.

"Ayi, khalani kaye, anti," anatero, akulowera kukhitchini. "Amayi aimba m'mawa uno. Akuti, mng'ono wanga uja akafika, asachoke asanadye."